Tambala satulutsa dzuwa

Bambo wina anandipeza kusukulu nkhope ili gwaa. "Aphunzitsi, mwana wangayu mukumuphunzitsa mwano kodi? Ndikangonena kanthu, akuti mwadziwa bwanji." Ndinawapatsa mpando, chifukwa funso limene linawakwiyitsalo ndi limene ndimagwirira ntchito tsiku ndi tsiku.

Anthu akamva kuti timaphunzitsa ana kuganiza mozama amayesa kuti ndi nzeru za ku yunivesite. Ine ndimayamba ndi choko. Ndimalemba pabolodi kuti: "Tambala akalira, dzuwa limatuluka. Choncho tambala ndiye amatulutsa dzuwa." Ana a Fomu 3 amafa nacho chiseko. Kenaka ndimalemba chachiwiri: "Mayi uja anabayitsa katemera Lolemba, Lachinayi anadwala. Choncho katemera ndiye anamudwalitsa." Apa kalasi imangoti zii. Ena amagwedeza mutu kuvomereza, pomwe cholakwika chake n'chomwecho cha tambala uja: chinthu kubwera patsogolo pa chinzake sindiye kuti ndicho chachititsa. Mwina mayiyo analumidwa ndi udzudzu sabata yathayo. Katemera akhozadi kutenthetsa thupi, koma pafunika umboni, osati kungowerenga masiku.

Mafunso amene ndimawazoloweza ndi atatu. Wanena ndani? Iye wadziwa bwanji? Palibe chifukwa china chimene chingafotokoze zomwezi? Timayesera pa uthenga wa pa WhatsApp, pa malonda a mankhwala ochiza matenda onse, ngakhale pa buku lathu lomwe. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017, pamene anthu anaphedwa m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe, akudziwa mtengo wa kusafunsa.

Chovuta kwambiri chili kwa ife aphunzitsi. Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro wa ku America, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana amatalika ndipo amene amayankha amachuluka. Ine ndimawerenga chamumtima mpaka kasanu ndisanaloze aliyense. M'kalasi yodzaza ndimati aliyense ayambe wakambirana ndi mnzake wapambali, kuti wamanyazi naye atsegule pakamwa. Manotsi oloweza angamuthandize mwana pa mayeso a MANEB, koma funso likangotembenuzidwa pang'ono, woloweza amasowa pogwira.

Bambo aja ndinawakumbutsa za bwalo la milandu kumudzi kwawo. Mfumu sigamula itangomva wodandaula yekha; imaitana woimbidwa mlandu, imafunsa mboni ngati inaona ndi maso kapena inangomva. Palibe amene amati mfumuyo ndi yamwano. Ndiponso akuluakulu omwewo ndiwo anati safunsa anadya phula.

Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Chabwino, koma azifunsa mwaulemu." Pamenepo tinagwirizana, ndipo mawa lake ndinakawauza ana a m'kalasi mwanga kuti mawu oti "pepani bambo" azitsogola, funso lizibwera pambuyo.