Kodi mumadziwa? Za ngongole, mfuti ndi mtengo wa walkman

Ku Mgona kuli amayi amene anasiya kalekale kugula ufa wa pathumba. Amagula walkman, kajumbo kaufa kokwana nsima ya usiku umodzi, za mawa n'kudzaona mawa. Amayiwa sanasainepo pepala la ngongole ku Capital Hill, mfuti sanaigwirepo, ndipo ambiri m'banki sanapondemo. Komatu ndalama yobwezera ngongoleyo, yogulira mfutiyo ndi yonenepetsa bankiyo imamasulidwa pa mfundo ya chitenje chawo. Tamvani izi.

Kodi mumadziwa kuti munthu amene nkhope yake ili pa K500 ndi K2,000 anadzudzulapo nkhondo ndi eni mabanki m'kalata imodzi? Mu Novembala 1914, patangopita miyezi iwiri asilikali a King's African Rifles atalimbana ndi Ajeremani ku Karonga, Mbusa John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti kunkhondoko kuzipita anthu olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ikuluikulu, osati mmphawi amene akafa amangosiyira mkazi ndi ana usiwa. Atsamunda analetsa kuti kalatayo isafalitsidwe. Pomwe nkhondoyo inkatha mu 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anali atagwira ntchito ya tengatenga, kusenza katundu wa asilikali pamutu, ndipo ochuluka anatsirizikira m'njira ndi njala ndi matenda. Mukamadutsa pa chipilala chokumbukira nkhondo pafupi ndi Capital Hill, muziwakumbukira agogo athu amenewa.

Kodi mumadziwa kuti ngongole ya dziko lino ndi yakale kuposa mbendera yathu? Mlatho wa sitima wa pa mtsinje wa Zambezi, wolumikiza Sena ndi Mutarara ku Mozambique, unatsegulidwa mu 1935. Anaumanga ndi kampani ya ku Britain, koma mtolo wa ngongole ya mlathowo ndi njanji yake unatulidwa pa Nyasaland, dziko limene anthu ake ankavutika kale ndi msonkho wa nyumba. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inauwononga. Katundu wathu anayamba kuzungulira kutali ku Durban, asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala, ndipo tinalandira othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi.

Nanga za mzinda wathu uno? Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo ntchito yomanga inayamba ndi ngongole ya marandi 8 miliyoni yochokera ku boma latsankho la South Africa. Ndalamazo zinamanga maofesi. Chinsapo ndi Mgona anthu anamanga okha, ndi njerwa zoumba okha.

Kodi mumadziwa kuti nkhokwe za ku Kanengo, zomwe anthu a ku Area 25 ndi Mgona amaziona tsiku ndi tsiku, zinapezekapo zili mbee m'chaka cha njala chifukwa cha ngongole? Iyi ndi nkhani imene mwana aliyense wa sukulu amayenera kuidziwa. Bungwe losunga chimanga cha dziko la NFRA linakhazikitsidwa mu 1999 popanda kulipatsa mpamba wokwanira, ndiye linakabwereka ku banki ya ku South Africa pa chiwongoladzanja chokwera kwambiri. Ngongole itatupa, a IMF analangiza kuti chimanga china chigulitsidwe kuti ibwezedwe. M'nkhokwe munali matani oposa 160,000. A IMF amanena kuti iwo analangiza kusiyamo matani pafupifupi 60,000, koma akuluakulu a kwathu konkuno anasesa pafupifupi chonse, ndipo ena mwa ogula anali anthu oyandikira mpando. Zokolola za 2001 zinali zochepa. Pofika Febuluwale 2002, Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, pa misika ya ADMARC amayi ankagona pamzere, ndipo amene anafa anali mazanamazana. Mabungwe ena anawerenga masauzande. Ine sindikhululukira mbali iliyonse. Wogulitsa anali ndi umbombo, koma wolangizayo anayang'ana buku la banki asanayang'ane kumwamba ngati mvula ibwera.

Kodi mumadziwa kuti mu 2006 dziko lino linakhululukidwa ngongole pafupifupi madola 3 biliyoni? Sizinangogwa ngati mana. Mipingo ndi mabungwe padziko lonse anachita kampeni ya Jubilee 2000, ndipo kuno kwathu kampeniyo ndi imene inabala bungwe la Malawi Economic Justice Network. Patangotha zaka 18, mu Seputembala 2024, ngongole ya boma inali itapitirira K16 thiriliyoni.

Kodi mumadziwa kuti mu bajeti ya 2025/26, ya ndalama pafupifupi K8 thiriliyoni, zoposa K2 thiriliyoni zinali za chiwongoladzanja chokha? Imeneyo si ngongole yeniyeniyo ayi, ndi mwana wake chabe. Pa K4 iliyonse, K1 inali ya wobwereketsa. Gawo limeneli linaposa la maphunziro, linaposanso la zaumoyo. Kumbukirani kuti ili ndi dziko limene kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Mukauzidwa kuchipatala kuti mankhwala atha, mukagule ku famase, kapena mukaona mzere wa zigubu pa kiyosiki ya madzi tambala asanalire, dziwani kuti wobwereketsa walandira kale zake, pa tsiku lake, osaima pamzere.

Ndipo wobwereketsa wamkulu masiku ano sali kunja kwa dziko kokha. Chiwongoladzanja chochuluka chimapita kwa obwereketsa a m'dziko momwemuno: mabanki, makampani a inshuwalansi ndi osunga ndalama za penshoni. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Chaka chomwecho, pamene mitengo ya shuga ndi mafuta ophikira inkathamanga, National Bank of Malawi inapeza phindu loposa K100 biliyoni, ndipo mabanki anzake nawonso anakolola zochuluka. Sanabe. Anangoona kuti kubwereketsa boma n'kokoma kuposa kubwereketsa wowotcherera zitsulo wa ku Biwi kapena telala wa ku Kawale, chifukwa boma silithawa lendi usiku, ndipo likasowa pogwira limakweza msonkho. Vuto lake n'lakuti ndalama zomwe zikanakulitsa shopu ya telalayo zimathera ku Capital Hill, ndipo msonkho wobwezerawo umadulidwa pa sopo ndi mayunitsi a telala yemweyo.

Telalayo amapita kuti tsono? Kwa akatapila. Azakhali anga anabwerekapo K20,000 kuti alipire mayeso a mwana, pangano lili loti pakutha pa mwezi abweze K30,000. Mwezi unatha, wina unathanso. Tsiku lina m'mawa ndinaona anyamata awiri akutulutsa makina awo osokera pakhomo, ulusi wobiriwira ukadali pa singano, diresi ya sukulu ya mwana wa eni ake yosamaliza atangoiponya pa mkeka. Azakhali sanalire. Anangokhala pakhonde n'kumapinda diresi ija. Kuchokera pamenepo analowa banki m'khonde, komwe amayi amakumana Lamlungu masana ndi kope ndi mbale yoponyamo masheya. Chiwongoladzanja cha kumenekonso sichichepa, koma pogawana mu Disembala chimabwerera kwa eni ake, n'kusanduka feteleza ndi yunifolomu.

Kodi mumadziwa kuti phungu wina anayesapo kumanga chiwongoladzanja ndi lamulo? Alexander Kusamba Dzonzi wa ku Dowa West anabweretsa bilu yoika malire pa chiwongoladzanja cha mabanki. Eni mabanki anaikana kwamtuwagalu, ndipo sinasanduke lamulo.

Kodi mumadziwa kuti mu 2015 boma linagulitsa Malawi Savings Bank kwa a FDH pa K9.5 biliyoni, koma ngongole za K6 biliyoni zomwe anthu ena otchuka ankalephera kubweza ku bankiyo zinasenzetsedwa kwa okhoma msonkho? Makina osokera amalandidwa m'miyezi iwiri. Ngongole ya bwana imapeza woibwezera.

Kodi mumadziwa kumene ndalama za ndege ya pulezidenti zinapita? Ndege imene Bingu wa Mutharika anagula mu 2009 inagulitsidwa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, ndipo anthu anauzidwa kuti ndalamazo zithandiza kugula chimanga. Chaka chotsatira boma linavomera kuti zinapita kukachepetsa ngongole ya zida za asilikali ku kampani ya Paramount Group ya ku South Africa. Boma la Joyce Banda linali pa mgwirizano wa zida wa madola 145 miliyoni ndi kampaniyo, ndipo Goodall Gondwe atatenga unduna wa zachuma mu 2014 ananena poyera kuti mgwirizanowo unali wodula komanso wosatsata malamulo. Palibe akunena kuti msilikali asakhale ndi nsapato kapena galimoto. Chomwe chimandipweteka n'chakuti mawu oti "chitetezo cha dziko" amakhala chitseko chimene wowerengera ndalama za boma amauzidwa kuti asagogode.

Aneba athu ku Mozambique chitseko chimenechi chinawagwera pamutu. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anabwereka madola pafupifupi 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, ati ogulira maboti ophera nsomba ndi olondera nyanja. Zambiri mwa ngongolezo anazibisa kwa aphungu. Zitaululika mu 2016, othandiza anatseka mpopi, ndalama ya metical inagwa, ndipo mlimi wa ku Angónia amene nyanjayo sanaionepo anayamba kugula mchere ndi mafuta modula. Manuel Chang, yemwe anali nduna ya zachuma, anapezeka wolakwa ku khoti la ku New York mu 2024. Credit Suisse inalipira chindapusa cha madola pafupifupi 475 miliyoni, koma chindapusacho chinapita ku maboma a America ndi Britain. Chaona mnzako chapita.

Kodi mumadziwa kuti ngongole ya dziko imagulitsidwa ngati belo la kaunjika? Mu 1979 Zambia inatenga mathirakitala pa ngongole ku Romania. Mu 1999 kampani ya Donegal International inagula ngongoleyo pa madola oposa pang'ono 3 miliyoni, kenako inasumira Zambia ku London kuti ilipire 55 miliyoni. Mu 2007 khoti linagamula kuti ilandire pafupifupi 15 miliyoni. Makampani oterewa amatchedwa miimba, chifukwa amadikira nyama yofooka.

Thomas Sankara wa ku Burkina Faso anauza atsogoleri anzake ku Addis Ababa mu Julayi 1987 kuti akane limodzi kubweza ngongole ndipo achepetse kugula zida, popeza mfuti imene Mwafrika amagula imakaloza Mwafrika mnzake. Anachenjeza kuti akakana yekha sadzafika pa msonkhano wotsatira. Anaphedwa pa 15 Okutobala chaka chomwecho.

Kodi mumadziwa kuti kwacha inagwetsedwa mwamphamvu katatu pakati pa 2012 ndi 2023? Mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Patangopita masiku ochepa, a IMF anavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni yoti izibwera pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Tinalandirapo 35 miliyoni yokha, pulogalamuyo n'kufera panjira mu Meyi 2025. Mitengo ija ndiye sinabwerere. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika mu Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa belo unkasintha m'mawa ndi madzulo.

Kodi mumadziwa kuti nkhondo ya ku Ukraine inafika mpaka pa dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi? Russia ndi mmodzi mwa ogulitsa feteleza akuluakulu padziko. Thumba la feteleza wotsika mtengo wa AIP, lomwe linali K4,495 mu 2020 ndi K7,500 mu 2021, linafika pa K15,000 mu 2022, chaka chimene nkhondoyo inabuka.

Kodi mumadziwa kuti mu 2024 mayiko onse pamodzi anawononga madola 2,718 biliyoni pa zankhondo? Chiwerengerochi n'cha bungwe la SIPRI la ku Stockholm. Tengani foni muwerengere nokha: ndi madola oposa 7 biliyoni pa tsiku, oposa 300 miliyoni pa ola. Ngongole yonse ija tinakhululukidwa mu 2006, imene abusa, ansembe ndi masisitere anaiyendera zaka ndi zaka, ndi ndalama ya maola khumi. Madola 175 miliyoni amene a IMF analonjeza kwacha itangogwa ndi 44 peresenti ndi ya mphindi 34. Ndipo 35 miliyoni imene inafikadi m'thumba la boma imatha m'mphindi 7, minibasi ya ku Area 23 isanadzaze n'komwe m'depoti.