MAPIRI ATATU M'MAORA 24

Ku Britain kuli mapiri atatu amene anthu amakonda kuwakwera motsatana pa ulendo umodzi. Loyamba ndi Ben Nevis, lalitali koposa mapiri onse a ku Scotland. Laciwiri ndi Scafell Pike, lalitali koposa onse a ku England. Lacitatu ndi Snowdon, la ku Wales, limene eni dziko amalicha Yr Wyddfa m'cinenero cao. Ulendo umenewu amaucha National Three Peaks Challenge, ndipo lamulo lace ndi limodzi lokha: okwerawo afike pa nsonga zonse zitatu ndi kutsikanso maora 24 asanathe, kuwerengera pamodzi ndi nthawi ya pa galimoto. Kawiri-kawiri amene amapita ndi mabwenzi kapena anthu ogwira nchito pamodzi, ndipo ambiri amatero pofuna kusonkhetsa ndalama zothandiza zipatala ndi anthu obvutika.

Munthu wa ku Zambia akamva msinkhu wa mapiri amenewa akhoza kuseka. Ben Nevis ndi mamita 1,345 kucokera pa madzi a m'nyanja ya mcere, Snowdon mamita 1,085, ndipo Scafell Pike mamita 978 cabe. Mizinda ya Lusaka ndi Kitwe iri pamwamba kuposa mamita 1,200. Motero mai wogulitsa tomato pa msika wa Chisokone ali kale pamwamba kuposa nsonga ya Snowdon. Koma kusiyana kwace ndi uku: dziko la Zambia ndi lokwezeka pafupi-fupi lonse, pamene mapiri a ku Britain ayambira pansi kweni-kweni, pafupi ndi nyanja. Wokwera onse atatu amayenda pansi makilomita 37, ndipo citunda conse cimene miyendo yace imakwera ndi mamita 3,064. Pakati pa mapiriwo pali msewu wa makilomita oposa 740.

KAGAWIDWE KA NTHAWI

Maora 24 amveka ambiri, koma pogawa amacepa msanga. Ben Nevis amatenga maora 5 kukwera ndi kutsika, Scafell Pike maora 4, Snowdon maora 4. Galimoto imadya maora 11: maora 6 kucokera ku Scotland kufika ku England, ndi maora 5 kucokera kumeneko kufika ku Wales. Pophatikiza, maora 24 akwana ndendende, osatsalapo nthawi ya kugona pa mphasa kapena kuphika cakudya. Okwera amadya ndi kuwodzera m'galimoto momwemo.

Magulu ambiri amasankha miyezi ya June ndi July, cifukwa pa nyengo imeneyo kumpoto kwa Scotland dzuwa limalowa ca m'ma 10 koloko usiku, ndipo kumayamba kuyera 4 koloko isanakwane. Ena amayamba kukwera Ben Nevis 5 koloko madzulo natsika kusanade. Usiku wonse ali pa msewu. M'banda kuca akwera Scafell Pike. Ndipo masana afika pa tsinde la Snowdon kuti atsirize 5 koloko madzulo a tsiku laciwiri. Amene ayamba masana amakwera Scafell Pike kuli mdima, atamanga nyali pa mphumi monga acitira amuna a pansi pa mgodi.

BEN NEVIS

Njira ya pa Ben Nevis iyambira m'cigwa ca Glen Nevis, pafupi ndi tauni ya Fort William. Inalambulidwa m'caka ca 1883 kuti akavalo azinyamulira katundu ku nyumba yoyesera nyengo imene inamangidwa pa nsonga peni-peni. Amuna anakhala m'nyumbamo usana ndi usiku, nalemba za mphepo, mvula ndi kuzizira ora liri lonse, kufikira caka ca 1904 pamene nyumbayo inatsekedwa. Mabuku ao asonyeza kuti, powerengera caka conse, kuzizira kwa pa nsongapo kumafika pansi pang'ono pa mlingo umene madzi amaundana. Mabwinja a nyumbayo alipo kufikira lero.

Kuzizira kumeneku kuli ndi cifukwa cace. Mpweya umazizira munthu akamakwera, pafupi-fupi madigiri 6 pa mamita 1,000 ali onse, ndipo mphepo yocokera ku nyanja ya Atlantic imabwera ndi mvula ndi nkhungu. Gulu likhoza kunyamuka m'cigwa litabvala malaya okha, ndi kukapeza cipale cofewa pamwamba m'mwezi wa June.

Pamwamba pa phiri ndi potambasuka, pa miyala yokha-yokha, ndipo kumpoto kwace kuli phompho lakuya mamita mazana angapo. Nkhungu ikaphimba, munthu saona ngakhale mnzace amene ali patsogolo pang'ono. Potsika ayenera kuyenda mamita 150 molunjika mbali imodzi, kenaka ndi kukhotera ku dzanja lamanja motsata kampasi. Wokhota msanga amayandikira phompho lija. Wopatuka kwambiri kumanzere amagwera m'cigwembe ca Five Finger Gully, m'mene anthu ena anataya moyo. Pamenepa mpamene mabwenzi amagawana nchito: wina agwira mapu ndi kampasi, wina awerenga mapazi, ndipo wina akhala pambuyo kuona kuti palibe wotsala.

SCAFELL PIKE

Phiri laciwiri ndilo lalifupi pa atatuwa, koma ambiri amati ndilo lowawa koposa. Miyendo imakhala itauma cifukwa ca kukhala maora 6 m'galimoto, tulo tiri m'maso, ndipo njira yocokera ku Wasdale Head imakwera mosapumira kuyambira pa tsinde. Pa njira pali kamtsinje koti aoloke pa miyala, kamene kamadzaza mvula ikagwa. Pamwamba pali miyala ikulu-ikulu yosanjikizana, pamene phazi lotopa limabzungunyuka msanga. Potsika mu mdima ena amasocera nalowa m'cigwembe ca Piers Gill, m'mene mwabvulala anthu ambiri.

Nsonga ya phiri limeneli ndi malo a cikumbutso. M'caka ca 1919 Lord Leconfield anaipereka kwa bungwe la National Trust pokumbukira amuna a dera la Lake District amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

SNOWDON NDI NJIRA YA AMUNA A M'MIGODI

Pa phiri lotsiriza okwera amapeza mpumulo pang'ono, pakuti galimoto imawafikitsa pa Pen-y-Pass, mamita 359 pamwamba pa nyanja. Pamenepo payambira njira ziwiri, Pyg Track ndi Miners' Track. Dzina la njira yaciwiriyi litanthauza njira ya amuna a m'migodi, cifukwa inakonzedwa kuti itumikire mgodi wa mkuwa wa Britannia umene unali m'phirimo. M'caka ca 1853 anaunjika miyala kudutsa nyanja ya Llyn Llydaw kuti mkuwa uzioloka bwino. Mgodiwo unatsekedwa kale, koma okwera amapitirira mabwinja a nyumba zimene anchito ankagonamo ndi a cigayo cophwanyira miyala. Citunda cimene anthu a lero amakwera kamodzi nadzitama naco, amuna ajawo ankacikwera popita ku nchito.

Kucokera ku Llanberis, mbali yina ya phirilo, sitima ya pa njanji yakhala ikukwera kufika pa nsonga kuyambira caka ca 1896, koma wocita ulendo wa mapiri atatu ayenera kufika ndi mapazi ace. Ndipo phirili silopeputsa ai. Gulu lotsogozedwa ndi John Hunt, limene linafikitsa Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay pa nsonga ya Everest pa 29 May 1953, linayamba ladzaphunzira ndi kuyesa zida zace m'mapiri omwewa, likugona pa hotela ya Pen-y-Gwryd.

MDANI WOSAONEKA

Coopsya cacikulu pa ulendowu ndi kuzizira kolowa m'thupi. Thupi la munthu limafunda madigiri 37. Likatsika pansi pa madigiri 35, munthu ali pa ngozi. Zimene zimacititsa ndi zinthu zinai zikakumana pamodzi: zobvala zonyowa, mphepo, njala ndi kutopa. Wogwidwa nako amayamba kunjenjemera, kupunthwa pa njira yabwino, kulankhula ngati woledzera, ndi kukwiya popanda cifukwa. Coipa cace ncakuti nzeru zace zimasokonezeka, kotero kuti iye mwini sadziwa kuti alinkudwala. Amene akhoza kuona ndi mnzace woyenda naye. Akulu anati kuyenda awiri si mantha.

Mankhwala ace ndiwo kumuika pobisika ku mphepo, kumubvula zonyowa ndi kumubveka zouma, kumupatsa cakumwa cofunda ca shuga ngati akhoza kumeza, ndi kuleka kukwera. Mowa sayenera kumupatsa, cifukwa umacotsa kufunda m'kati mwa thupi. Malaya a thonje ndi oipa m'phiri popeza amasunga thukuta ndi mvula. Abwino ndi a ubweya wa nkhosa, ndi jekete losalowa madzi pamwamba pace. Zinthu zikafika poipa, amaliza wezulo kasanu ndi kamodzi, kupuma mphindi imodzi, ndi kubwerezanso; kapena amaimba lamya pa nambala 999 ndi kupempha apolisi kuti aitane gulu lopulumutsa anthu m'mapiri. Anthu a gulu limeneli salipidwa. Ali ndi nchito zao, ndipo amadzuka usiku kusiya mabanja ao kuti akanyamule mlendo pa macila.

WOYENDETSA GALIMOTO NDI ENI CIGWA

Pali munthu wina m'gulu amene safika pa nsonga iri yonse, koma moyo wa onse uli m'manja mwace: ndiye woyendetsa galimoto. Magulu anzeru amasankha anthu awiri osakwera phiri konse, amene amagona pamene anzao ali kumwamba, nawakonzera tiyi ndi cakudya potsika. Munthu amene wayenda maora 5 m'phiri sayenera kugwira ciongolero usiku. Gulu likacedwa pa Ben Nevis, mtima umafuna kubweza nthawiyo pa msewu. Koma msewu wopita ku Wasdale ndi wopapatiza, wokhota-khota, ndipo nkhosa zimagona m'mphepete mwace. Nthawi yotayika m'phiri siyenera kufunidwa ndi liwiro la galimoto.

Ku Wasdale Head kumakhala mabanja owerengeka a alimi oweta nkhosa. M'miyezi ya June ndi July magalimoto amafika pakati pa usiku, zitseko zikumenyedwa ndi anthu akupfuula, pamene eni mudzi ayenera kudzuka m'mamawa ku nchito. Iwo akhala akudandaula za phokoso, zinyalala, ndi anthu odzithandiza pa thengo. Mapazi ambiri amakumbanso njira, mvula nikokolola dothi, ndipo pamafunika ndalama ndi anchito kuti ayalemo miyala. Cifukwa cace okwera amapemphedwa kubwera m'magulu ang'ono, kukhala cete usiku, kuyenda m'njira yokha, ndi kubwerera nazo zinyalala zao, ngakhale makoko a nthoci.

PANGANO LA PA TSINDE

Gulu lonse limayenda pa liwiro la munthu wocedwa koposa, pakuti galimoto siinyamuka wina asanatsike. Wamphamvu amene athamangira patsogolo sapindula kanthu. Amangokazizidwa pa nsonga podikira anzace. Ndico cifukwa cace anthu odziwa mapiri amapangana zinthu zitatu akali pa tsinde, mitima isanatenthe: ora limene adzabwerera ngakhale nsonga iri pafupi, munthu mmodzi amene mau ace adzamveka pakabuka mkangano, ndi kuti wotopa sadzatsika yekha, koma mnzace adzataya ulendo wace kuti amuperekeze.

Magulu ena amatsiriza m'maora 26 kapena 28, ndipo ena amagawa ulendowo masiku atatu, phiri limodzi pa tsiku, nagona ndi kugula cakudya m'midzi ya m'zigwazo. Iwo sawerengedwa kuti akwanitsa maora 24, koma aponda nsonga zomwezo, aziona kuli kowala, ndipo abwerera kwao onse ali amoyo.