Mowa wakuda umene unandiphunzitsa kudikira

Aliyense amene anakhalapo pa bala mu Lusaka muno amawadziwa mawu awa: "Nipaseniko yozizila maningi." Kaya ndi ku Kabwata, ku Chilenje kapena ku Matero, botolo likafika pa tebulo munthu amayamba walikhudza ndi kumbuyo kwa dzanja, ngati mayi amene akuyesa mwana malungo. Likapezeka kuti silinachite thukuta, limabwerera komwe lachokera. "Iyi ni tiyi, sisi, chinjani." Inenso ndabweza mabotolo motero kwa zaka zambiri, ndipo sindinaganizepo kuti chizolowezichi chidzanditayitsa mowa wabwino.

Nkhani inayamba ndi mlongo wanga wamng'ono, amene amachita malonda a zovala pakati pa Johannesburg ndi Lusaka. Atabwera ulendo wina, anatulutsa m'chikwama mabotolo atatu akuda bii, atawakulunga m'chitenje kuti asasweke m'basi.

"Akulu, ati umu muli chokoleti," anatero akuseka. "Ndakugulirani kuti mupumuleko ku zija za masiku onse."

Pa pepala la botolo panalembedwa kuti chocolate stout. Ndinathokoza, ndipo ndinachita zimene mwamuna aliyense wa m'tauni muno akanachita: awiri ndinawaika m'firiji, limodzi ndinaliponya mu firiza penipeni, pambali pa nkhuku.

Pa Chiweru madzulo anzanga atatu anabwera kudzaonera mpira. Ndinatulutsa botolo lija likufuka nthunzi ya chisanu, ndinalitsegula, ndipo tinayamba kupatsirana, aliyense kukamwa kwa botolo. Woyamba anameza n'kukwinya nkhope. "Iyi ni mankhwala ya chifuba, mudala." Wachiwiri anafunsa kuti, "Manje chokoleti ili kuti?" Ine ndinangomva madzi ozizira owawa, opweteka mano. Mphindi zisanu zisanathe botolo linali pansi pa tebulo, ife tabwerera ku laga yathu. Mlongo wanga atandifunsa pa foni, ndinamunamiza kuti unali bwino.

Mabotolo awiri aja anakhala m'firiji mpaka mwezi wa July, pamene amalume anabwera kuchokera ku Katete kudzaonetsa maso kuchipatala. Tsiku limenelo magetsi anali atapita kuyambira m'mawa. Madzulo tinakhala pakhonde titazungulira mbaula, mphepo ya July ikulowa m'mafupa. Ndinafuna kuwalandira ndi kanthu, koma m'nyumba munalibe china koma mowa wakuda uja, ndipo firiji inali itayamba kale kufunda.

"Amalume, mundikhululukire, siwozizira kwenikweni," ndinatero ndikuwapatsa botolo ndi manja awiri.

Iwo analiyang'ana n'kulibweza. "Mphwanga, mowa umene sindikuuona nkhope ine sindimwa. Bweretsa tambula."

Ndinabweretsa matambula awiri. Anathira okha pang'onopang'ono, thovu lofiirira ngati tiyi wa mkaka n'kukwera pamwamba. Sanafulumire. Anayamba aika mphuno, kenaka anamwa pang'ono, n'kukhala chete kwa kanthawi, akuyang'ana makala.

"Uyu anamufulula ndi nkhoko," anatero.

Ndinaseka, koma nditalawa kuseka kunatha. Unali mowa womwe uja, wochokera m'chitenje chomwe chija, koma mkamwa munamveka zina. Poyamba kafungo ka khofi, kenaka kukoma kwa nkhoko za nsima zimene tinkalimbirana tili ana, ndipo pomalizira, nditameza kale, chokoleti chakuda chija chimene anzanga anachifunafuna osachipeza. Chinalimo tsiku lonse lija la mpira. Ndine ndinachitsekera ndi chisanu.

Amalume sanawerengepo buku la mowa, koma anakulira pakhomo pamene agogo ankafulula, ndipo lilime lawo silinaphonye. Mowa wambiri wa mbewu umayambira pa chimera. Kwathu timaviika chimanga, mawere kapena mapira, timazisiya zimere, kenaka timayanika padzuwa. Opanga mowa wa m'botolo amachita chimodzimodzi ndi balere, koma iwo amaumitsa ndi moto. Chimera choumitsidwa pa moto wochepa chimapereka mowa woyera ngati Mosi kapena Castle. Chimera chokazingidwa pa moto waukulu, wopitirira madigiri 200, chimada ngati khofi, ndipo ndicho chimadetsa stout. Mtundu umodzi wa chimera chokazingachi amautcha chocolate malt. Mulibe chokoleti m'menemo ayi. Dzinalo linabwera chifukwa cha maonekedwe ndi fungo lake, pakuti zimene moto umachita pa balere ndi zomwezo zimene umachita pa njere za khofi, pa njere za koko, ndi pansi pa mphika wa nsima. Chimera chotere amathira chochepa chabe, kawirikawiri chosafika gawo limodzi mwa magawo khumi, koma chimakwanira kusintha mowa wonse.

Mowa wakudawu kwawo ndi ku London, kumene m'zaka za m'ma 1700 kunatchuka mowa wotchedwa porter. Umene unali waukali kuposa unzake ankautcha stout porter, ndipo m'kupita kwa nthawi dzina linafupika n'kutsala stout. Mu 1817 Daniel Wheeler anapanga chiwiya chokazingira chimera, mgolo wachitsulo wozungulira pamoto, ndipo kuchokera pamenepo kuderako kunakhala kosavuta kukulamulira. Stout imene ambiri timaidziwa ndi Guinness, ya kampani imene inayamba ku Dublin mu 1759, ndi Castle Milk Stout ya ku South Africa.

Chocolate stout ndi mwana wa banja lomweli, ndipo ilipo ya mitundu iwiri. Ina imadalira chimera chokha. Brooklyn Black Chocolate Stout ya ku America ilibe chokoleti ngakhale pang'ono, koma ukali wake ndi 10 peresenti. Ina amathiramo koko kapena chokoleti chenicheni, monga Young's Double Chocolate Stout ya ku England, imene ili ndi 5.2 peresenti. Choncho musanatsegule, werengani pepala la pa botolo. Mabotolo awiri ofanana kuda akhoza kusiyana ukali kawiri.

Nanga n'chifukwa chiyani firiza inaupha mowa uja? Zambiri zimene timati kukoma kwenikweni zimadzera m'mphuno. Ndiye chifukwa chake munthu wa chimfine amati ndiwo zilibe kukoma. Chinthu chikazizira kwambiri fungo lake silituluka, ndipo lilime nalo silimva bwino kutsekemera. Laga yopepuka savutika nazo, chifukwa ntchito yake ndi kupha ludzu. Koma stout chuma chake chonse chili m'fungo. Tsono ine ndinalakwa kawiri: ndinauziziritsa mopitirira, ndiponso ndinamwera m'botolo, mmene mphuno sifika.

Botolo lachitatu tinalisungira tsiku loti amalume mawa lake abwerera. Apa ndinali nditafunsafunsa ndi kuwerengako, ndipo zimene ndinachita ndi izi, mwina zingathandize wina amene mlongo wake angamukumbukire ngati wanga.

Choyamba ndi kuzizira. Mowa uwu umakoma pa madigiri 10 mpaka 13, pamene firiji ya m'nyumba imakhala pafupi ndi madigiri 4. Simufunika chopimira. Tulutsani botolo, liimikeni pa tebulo mphindi 15 kapena 20. Mu October, dzuwa likamawotcha malata, mphindi 10 zikwana. Mukaligwira lizimveka lozizira pang'ono kuposa madzi a mumtsuko, osati lopweteka zala. Mu firiza musaliikemo, ndipo ayisi asayandikire.

Chachiwiri ndi tambula. Ikhale ya galasi, yotakata pakati kuti mphuno ilowe. Ngati muli ndi galasi la vinyo, ndilo labwino koposa. Itsukeni bwino ndi kuitsukuluza ndi madzi oyera, chifukwa mafuta ndi sopo wotsalira zimapha thovu. Tambula imene mwana wamwera maheu masana siyoyenera mpaka itasambitsidwa.

Chachitatu ndi kathiridwe. Pendeketsani tambula, mowa utsetsereke m'mbali mwake. Ikafika pakati, iimikeni n'kuthira pakatikati kuti thovu likwere, la zala ziwiri. Ku bala timakonda kudandaula kuti thovu ndi kutibera, koma pa mowa uwu thovu ndilo limanyamula fungo n'kulifikitsa ku mphuno.

Chachinayi ndi kulawa. Yambani mwauyang'ana pa kuwala: m'mphepete mwa tambula mudzaona kuti si wakuda chabe, uli ndi kufiira kobisika. Nunkhizani musanamwe. Imwani pang'ono, muuyendetse mkamwa, mumeze, kenaka mutulutse mpweya ndi m'mphuno mutatseka pakamwa. Chokoleti chimabwera pamenepo. Dikirani mphindi zingapo mulawenso, mudzapeza kuti wasintha, chifukwa ukamafunda m'dzanja umatsegukabe.

Za chotafunira, amayi a kunyumba anakazinga nshawa ndi kamchere, ndipo zinagwirizana ngati zinabadwira pamodzi. Kandolo wootcha pa mbaula nayenso anayenda bwino, kutsekemera kwake kukuziziritsa kuwawa kwa chimera. Michopo ya mbuzi ndiyenera kuti ingakhale bwino, utsi kukumana ndi utsi, koma mupepuke dzanja pa tsabola, chifukwa akachuluka simumvanso kanthu. Okonda zotsekemera ayese ndi chitumbuwa kapena keke ya chokoleti mukatha kudya.

Pali zochenjera nazo. Stout zina, makamaka zotchedwa milk stout, amathiramo lactose, shuga wa mumkaka amene yisiti ya mowa simudya. Ndiye amaupatsa kutsekemera ndi kulemera kuja. Amene mkaka umawavuta m'mimba, ndi amene ali ndi matenda a shuga, awerenge pepala bwinobwino. Ndiponso dzina la chokoleti lisapusitse munthu. Uwu ndi mowa, si wa ana osafika zaka 18, ndipo m'nyumba ya ana botolo lolembedwa chokoleti liyenera kukhala patali. Amene walawa asagwire chiwongolero.

Botolo lomalizalo tinaligawa patatu, amalume, amayi a kunyumba ndi ine. Linatitengera pafupifupi ola lathunthu. M'ola limenelo ndinamva nkhani ya munda wa agogo umene ukulimbiranidwa kumudzi, ndinamva za msuweni wanga amene anasiya sukulu, ndiponso ndinamva kuti maso a amalume akuwaopsa kuposa mmene ankaonetsera masana. Zonsezi sakanandiuza pa bala, nyimbo zikugunda, ine ndikukodola wogulitsa kuti abweretse ina.

Ali pafupi kukagona anandifunsa funso limene likundisautsabe.

"Mphwanga, pa Chiweru umamwa angati?"

Ndinatchula nambala yochepa kuposa yeniyeni. Anangogwedeza mutu.

"Nanga mwa amenewo, umamva kukoma angati?"

Ndinalibe yankho. Anati kumudzi chipanda chimodzi chinkazungulira anthu khumi, ndipo munthu ankadziwa kuti mowa uwu wafululidwa ndi mayi uje pongolawa chabe. "Inu a m'tauni mumauziziritsa kuti musaumve, ndiye mumamwa wambiri pofunafuna chimene mwabisa nokha."

Sindikunena kuti kumudzi kulibe zidakwa, kapena kuti mowa wodula ndiwo mankhwala a uchidakwa. Tonse tikukumbuka tujilijili, mmene tinawonongera anyamata m'makomboni mpaka boma linatiletsa mu 2012, ndipo munthu akhoza kudziwononga ndi botolo la mtengo uliwonse. Sindikunenanso kuti musiye Mosi wanu wozizira tsiku lotentha, kapena Chibuku chanu. Chocolate stout sipezeka pa kantemba kalikonse, ndipo mukaipeza m'masitolo akuluakulu mtengo wake si wa tsiku lililonse. Chimene ndinatolapo ine n'chaching'ono: ndinazindikira kuti kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwerenga mabotolo m'malo molawa mowa, ndipo malipiro anga ambiri a kumapeto kwa mwezi anapita pa zinthu zimene lilime langa silinazimve n'komwe.

Sabata yatha ndinapita pa bala yathu ya masiku onse. Chocolate stout panalibe, koma milk stout inalipo. Ndinapempha imodzi, ndi tambula yotsuka, ndipo nditalandira ndinaliimika botolo pa tebulo osalitsegula. Mtsikana wogulitsa anadutsa kawiri akundiyang'ana. Kachitatu analephera kupirira.

"Ba mudala, muli chabe bwino? Moba wanu uzapya."

Ndinamuuza kuti ndikuudikira. Anapita akupukusa mutu, ndipo ndinamumva akuuza mnzake kuti mdala uja wayamba kudwala. Anzanga aja a mpira anali atafika pa botolo lachitatu pamene ine ndinkathira loyamba. Mmodzi anasendeza mpando, n'kuloza tambula yanga.

"Nipaseko nimveko iyo nkhoko yamene ukamba."

Ndinamupatsa, koma ndinamuuza kuti ayambe wanunkhiza.