KUCOKERA PA FUMBI LA M'KOMBONI KUNKA KU BWALO LALIKULU

Inu makolo a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, madzulo ali onse ana akaweruka ku sukulu mumawaona alikuthamangitsana ndi cimpombwa, mpira uja womanga ndi mapepala ndi zingwe, ndipo miyala iwiri ndiyo golo lao. Ena a inu mumakalipa kuti nsapato zilikutha ndipo mabuku aiwalika. Enanso mumalota kuti tsiku lina mwanayo adzakwera ndege nadzakumangirani nyumba. Lero ndifuna kulongosola njira imene mwana wotere amayendamo, ndiponso maenje amene ali m'njiramo.

Khomo loyamba ndilo timu ya pa sukulu kapena kagulu ka m'komboni. Masukulu amayamba kupikisana ndi anansi ao, opambana napita ku mpikisano wa m'boma, pambuyo pace wa m'cigawo conse. Apa mpamene mwana amaphunzira kuti mpira si wa munthu mmodzi. Wodziwa kunyenga anzace ndi miyendo, koma wokana kupatsira, mphunzitsi wanzeru amamukhazika pansi kufikira atamva mwambo.

Tsono timu ikonzekera bwanji masewera a Loweruka? Kawirikawiri masiku oyamba a sabata ndi a kuthamanga, kuti mpweya usawathere anyamata m'kati mwa mphindi 90. Pakati pa sabata aphunzira kupatsirana, kuchinga, ndi kuima yense pa malo pace. Tsiku la masewera likayandikira ayesa makona ndi mapenati, ndipo mphunzitsi awauza za adani ao: ndani ali ndi liwiro, ndani amenya ndi mwendo wamanzere, ndi mbali iti imene ili yofooka. Lacisanu nchito icepa kuti thupi lipume. Apa inu amai muli ndi mbali yanu, pakuti mwana wogona ndi njala kapena wocezera usiku pa mseu sangathe kupirira cigawo caciwiri.

Khomo laciwiri ndilo kusankhidwa. Matimu akulu a mu Lusaka, monga Zanaco, Green Buffaloes ya asilikari, Red Arrows ya asilikari a ndege ndi Nkwazi ya apolisi, ali ndi maso pa mabwalo a fumbi. Munthu wofuna osewera sayang'ana zigoli zokha ai. Ayang'ana ngati mnyamata atukula mutu asanalandire mpira, ngati abwerera kukathandiza anzace mpira ukalandidwa, ndiponso nkhope imene aonetsa timu yace ikagonja.

Njira imeneyi ena anaiyendadi. Pa 12 March 2017, pa bwalo la National Heroes muno mu Lusaka, anyamata a Zambia osapitirira zaka 20, mphunzitsi wao Beston Chambeshi, anagonjetsa Senegal 2 kwa 0 natenga cikho ca Africa. Awiri a iwo, Patson Daka ndi Enock Mwepu, amene analeredwa ndi timu yaing'ono ya Kafue Celtic, anapita ku Red Bull Salzburg ku Austria, ndipo m'caka ca 2021 Daka analowa Leicester City, Mwepu nalowa Brighton ku England. Ana akazinso khomo nlotseguka. Barbra Banda, mwana wa mu Lusaka, anadzera ku Bauleni United ndi Green Buffaloes. Pa masewera a Olympic ku Japan mu 2021 anamwetsa zigoli zitatu Netherlands, zitatunso China, ndipo mu 2024 anasankhidwa mkazi wopambana onse pa mpira mu Africa.

Komatu maenje alipo atatu. Loyamba ndilo anthu onyenga amene afika pakhomo ndi mau ozuna, nati tipatseni ndalama za ulendo, mwana wanu alikufunidwa ku Ulaya. Dziwani kuti lamulo la FIFA liletsa kusamutsira mwana wosakwana zaka 18 ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga makolo ace akasamuka okha pa nchito yosakhudzana ndi mpira. Timu yofunadi mwana siyamba ndi kupempha ndalama kwa atate wace. Musasaine kalata imene simunaimvetse. Kafunseni ku ofesi ya Football Association of Zambia. Onaninso kuti dzina la mwana lalembedwa m'kaundula wa bungwelo, pakuti wosewera akagulidwa ndi timu ya dziko lina, magawo 5 mwa 100 a mtengowo agawidwa kwa matimu amene anamlera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Kagulu ka m'komboni kosalembetsa ana ace kataya mphotho ya thukuta lace.

Dzenje laciwiri ndilo kucepetsa zaka. Pa mipikisano yaikulu ya osapitirira zaka 17 madokotala amajambula fupa la pa mkono ndi makina a MRI kuti aone ngati latha kukula. Bodza likaululika, mwana acita manyazi, timu yace nilangidwa.

Dzenje lacitatu ndilo kutaya sukulu. Mwepu yemweyo analeka mpira mu October 2022 ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atampeza ndi nthenda ya mtima yacibadwa. Ngati mpira unathera panjira munthu amene anafika pamwamba potero, nanga mnyamata wothyoka bondo pa bwalo la ku Chawama adzagwira ciani wopanda maphunziro? Mwa ana ambirimbiri amene mumawaona pa fumbi, odzadya za mpira ngowerengeka.

Cifukwa cace, makolo anzanga, musamletse mwana mpira, koma musamlekererenso. Pitani mukamdziwe mphunzitsi wace, muone kumene asewera, mumpimitse ku cipatala, ndipo madzulo mufunse za mabuku musanafunse za zigoli. Akulu anati m'mera mpoyamba.