LM Radio: wailesi ya m'dziko lathu imene inkaimbira alendo

Abale atsogoleri a magulu a kuwerenga ndi kulemba, pa tsamba la mbiri lero tikamba za wailesi. Ambiri mwa ophunzira athu anayamba kumva nkhani za dziko pa wailesi asanadziwe ngakhale cilembo cimodzi. Nkwabwino tsono kudziwa kumene wailesi ya m'Moçambique inacokera, ndiponso amene inkawatumikira.

Ciyambi cake

Pa 18 Março 1933, kagulu ka Apwitikizi okonda za wailesi kanayamba kuulutsa mau mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Dzina la kaguluko linali Grémio dos Radiófilos, ndipo pambuyo pake kanachedwa Rádio Clube de Moçambique. Ndalama zinali zosowa, mwakuti nchitoyo inayamba yaima.

Thandizo linacokera ku malonda. Ku South Africa, kumene akulu-akulu amati ku Joni, wailesi ya boma ya SABC inakhazikitsidwa mu 1936, koma siinkalengeza malonda. Eni masitolo ndi makampani a kumeneko analibe poitanira ogula. Lourenço Marques ali pafupi ndi malire, ndipo mafunde a onda curta safuna ciphaso pa malire. Tsono Rádio Clube inatsegula cigawo colankhula Cingerezi ndi Afrikaans, comalandira ndalama za malonda. Cigawo cimeneci ndiye cinachuka ndi dzina lakuti LM Radio. Mu 1947 kampani ya Davenport and Meyer inatenga udindo woyendetsa malondawo, ndipo muulutsi David Davies anakhala liu lodziwika la wailesiyo.

Cifukwa ninji nyimbo?

Pa 1 Maio 1950 SABC inatsegula Springbok Radio, wailesi yakeyake ya malonda. Apa LM inapeza mnzake wolimbana naye. Wamalonda amalipira kumene kuli makutu ambiri, conco LM inasaka anthu amene wailesi ya boma inkawanyalanyaza, ndiwo acinyamata. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 inatembenukira ku nyimbo za rock ndi pop, pamodzi ndi mndandanda wa nyimbo zokondedwa wa mlungu ndi mlungu. SABC inali yosamala kwambiri pa zoimba, ndipo mu 1966 inaletsa nyimbo za gulu la Beatles. Anyamata ndi atsikana a ku Johannesburg, Durban ndi ku Rhodesia ankangopotoza kabatani kufuna LM.

Nanga eni dziko?

Apa ndiye pali phunziro lathu. Nyumba ya wailesi inali pa nthaka yathu, koma LM inkalankhula ndi ogula a kunja, ndipo cigawo ca Cipwitikizi cinkalankhula ndi atsamunda. Zinenero za Amoçambique zinacedwa kulowa. Pologalamu ya Hora Nativa, ya m'Cironga, inayamba mu 1958, patapita zaka 25 ciyambire wailesi. Pambuyo pake kunadza Voz de Moçambique m'zinenero zingapo, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya ufulu boma la Apwitikizi linkaigwiritsa nchito pokopa anthu kuti asatsate Frelimo. Mwacidule, wamalonda sanatiwerengere cifukwa m'thumba mwathu munalibe kanthu, ndipo boma linatikumbukira pamene linayamba kutiopa.

Mathero ake

Mu 1972 SABC inatenga ulamuliro wa LM Radio. Pa 7 Setembro 1974, tsiku limene Frelimo ndi boma la Portugal anasaina cipangano ku Lusaka, atsamunda ena okana cipanganoco analanda nyumba ya Rádio Clube, nayamba kuitana anzao pa wailesi kuti aukire. Anakhalamo masiku ocepa cabe, koma cipolowe cimene cinatsatira cinapha anthu ambiri mu mzindamo. Nyumba yomweyo imene inkaimbira anthu nyimbo zovina inasanduka coyatsira moto.

Ufulu utabwera pa 25 Junho 1975, boma latsopano linatenga mawailesi m'manja mwake, ndipo pa 2 Outubro Rádio Moçambique inabadwa. LM Radio inatseka pa 12 Outubro 1975. M'mawa mwake SABC inatsegula Radio 5 m'malo mwake, imene pambuyo pake inachedwa 5FM. Patapita zaka zoposa 30, dzina la LM Radio linamvekanso pa FM ku Maputo, ndi nyimbo zakale zija. Rádio Moçambique inapatsa malo zinenero za m'zigawo, ndipo Cinyanja cinali ndi nthawi yake pa nyumba za ku Tete ndi ku Lichinga.

Pokambirana m'gulu

Mbiri imeneyi ingathandize pa phunziro. Tilembe pa bolodi mau atatu awa: wailesi, malonda, nyimbo. Ophunzira awagawe m'maphatikizo, kenaka tifunsane: Kodi wailesi yoyamba m'mudzi mwathu inabwera ndi yani, ndipo inkalankhula cinenero canji? Pologalamu imene timakonda amailipira ndani? Akatiuza kuti mankhwala kapena sopo wakuti ndi wabwino, tingadziwe bwanji zoona zake?

Mayankho a agogo tiwalembe m'kope la gulu, ndi caka ndi dzina la mudzi. Mau a pa wailesi amapita ndi mphepo, koma munthu wodziwa kulemba angathe kusunga zimene wamva, kuziyesa bwino, ndi kulembera kalata ku nyumba ya wailesi kuti nayenso amveke.