Kudziŵa Mmisiri ndi Zaka za Chileyi Chakale cha Ana

Ambiri a ife timachidziŵa chileyi cha kumudzi, chija cha mtengo wa mphanda chimene ng'ombe zimakoka potuta chimanga kapena nkhuni. Lero tikambirana za chileyi cha mtundu wina, chaching'ono, choseŵerera ana a kumaiko ozizira. Kumpoto kwa America, m'miyezi ya December, January ndi February, kumagwa chipale chofeŵa chimene chimakuta nthaka, ndipo ana amakwera pachitunda, nagona chafufumimba pa chileyi, natsetsereka mpaka kumunsi. Pamwamba pa chileyicho pali matabwa ogonapo, ndipo kunsi kwake kuli mizere iŵiri yaitali, ya mtengo kapena ya chitsulo, imene imakhudza chipale. Mizere imeneyi tidzaitcha mapazi a chileyi.

Ana akakula, chileyi chimasungidwa kudenga ndi kuiŵalika. Patapita zaka zambiri mdzukulu amachipeza, ndipo amafuna kudziŵa amene anachipanga ndi nthaŵi imene chinapangidwa. Yankho lake liri ndi kanthu, pakuti chileyi chenicheni chakale chimagulidwa pa mtengo wokwera ndi anthu osonkhanitsa zinthu zamakedzana, pamene chongoyerekezera chiri chokongoletsera m'nyumba chabe. Wosadziŵa angagulitse chuma pa mtengo wa nkhuni, kapena kugula nkhuni pa mtengo wa chuma. Chotero akatswiri amachiyesa ngati mlandu wa pabwalo: amaitana mboni zingapo, ndipo sagamula kufikira mbonizo zitagwirizana.

Mboni yoyamba ndiyo malemba. Chileyi chitembenuzidwe, pakuti amisiri ambiri ankadinda dzina lawo ndi nambala kunsi kwa thabwa lapakati, kumene dzuŵa ndi zovala za ana sizinafufute. Maina aŵiri ndiwo amapezeka kaŵirikaŵiri. Loyamba ndi Paris Manufacturing Company, ya ku South Paris m'chigawo cha Maine. Ntchito yake inayambidwa m'chaka cha 1861 ndi Henry Morton, amene ankapala matabwa, mkazi wake nkumajambulapo zithunzi ndi dzanja. Lachiŵiri ndi Flexible Flyer, chileyi chimene anatulukira Samuel Leeds Allen wa ku Philadelphia. Bambo ameneyu ankapanga zipangizo za ulimi, ndipo anafuna chinthu china choti antchito ake azipanga m'miyezi imene ntchito ya zipangizozo inali yochepa. M'chaka cha 1889 boma linampatsa kalata yotsimikiza kuti luso la chileyicho ndi lake. Chizindikiro chake ndi chiwombankhanga, ndipo chithunzi cha mbalameyo chinasinthidwa kangapo, kotero kuti osonkhanitsa amachiyerekeza ndi zithunzi za m'mabuku akale otsatsa malonda kuti apeze nyengo yake.

Pano mpofunika kuchenjera. Munthu akaona chaka chodindidwa pa chileyi amafulumira kunena kuti ndicho chaka chimene chinapangidwa. Kaŵirikaŵiri chimakhala chaka cha kalata ya boma ija, ndipo kampani inkapitiriza kuchidinda kwa zaka zambiri. Chaka chotere chimangotiuza kuti chileyicho sichinapangidwe nthaŵi imeneyo isanafike. Dzina la malo limathandiza koposa. Kampani ya Allen inagulitsidwa m'chaka cha 1968, ndipo zileyi zake zinayamba kupangidwa ku Medina m'chigawo cha Ohio. Chotero cholembedwa Medina sichingakhale cha nthaŵi ya Allen mwini, amene anamwalira mu 1918. Ndiponso keyala yokhala ndi manambala asanu a positi kumapeto kwake sikadalembedwa chisanafike chaka cha 1963, pamene manambala otere anayamba kugwira ntchito m'dzikomo.

Mboni yachiŵiri ndiyo kapangidwe. Zileyi za m'zaka za m'ma 1800 zinali za mapazi a mtengo olimba, okutidwa ndi kachitsulo kunsi, ndipo mwana ankazikhotetsa pokwekweza phazi lake m'chipale. Za anyamata zinali zazifupi msinkhu, zosongoka kutsogolo, zogonapo chafufumimba. Za atsikana zinali zazitali msinkhu, zokhalapo tsonga, mapazi ake opindikira m'mwamba kutsogolo, ndipo pathabwa pankajambulidwa maluŵa, mbalame kapena kavalo. Chachilendo chimene Allen anabweretsa chinali mapazi a chitsulo chopyapyala, chotha kupindika pang'ono, ndi mtengo wopingasa kutsogolo. Mwana akakankha mtengowo mbali imodzi, mapazi amapindika ndipo chileyi chimakhota. Tiyang'anenso kumbuyo. Pa zileyi zoyamba za Flexible Flyer mapazi ankathera molunjika, ngati mikondo, ndipo mwana wobwera pambuyo ankatha kubayidwa. Chapakati pa zaka za m'ma 1930 kampani inatulutsa mtundu wotchedwa Airline, wa mapazi opindidwira m'mwamba kumbuyo. Chotero kumbuyo kwa chileyi kumatiuza ngati chiri cha nyengo yoyamba kapena yotsatira.

Mboni yachitatu ndiyo zinthu zazing'ono: misomali, masikuluwu, utoto ndi thabwa lenileni. Misomali ya makona anayi, yodulidwa ku chitsulo chophwatalala, inali yofala kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene yobulungira ya waya inaloŵa m'malo mwake. Sikuluwu ya mutu wa mtanda, yotchedwa Phillips, inayamba kugwiritsidwa ntchito m'mafakitale m'zaka za m'ma 1930. Koma sikuluwu imodzi yatsopano siitsutsa chileyi chonse, pakuti atate a mwana ankakonza chikathyoka. Katswiri amayang'ana ngati pali boo lakale pafupi, kapena dzimbiri limene linadetsa thabwa mozungulira msomali woyamba. Lamulo lake ndi lakuti chileyi sichingapose msinkhu wa chinthu chatsopano koposa chimene mmisiri mwini anaikapo.

Zileyi zongoyerekezera zimagwidwa pomwepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Opanga zachinyengo amakwecha utoto ndi kupaka zodetsa kuti chioneke chakale, koma amakwecha paliponse mofanana. Chileyi chimene ana anaseŵeradi nacho chimatha m'malo oyenera: pogwira manja, pogona chifuŵa, pa boo lomangira chingwe, ndi kunsi kwa mapazi kumene miyala inakanda m'litali.

Mboni yotsiriza ndiyo mbiri ya chileyicho m'manja mwa anthu: chithunzi chakale cha mwana atachinyamula, lisiti, kapena dzina lolembedwa kunsi. Mphamvu ya mboni imeneyi inaoneka pa zileyi zotchedwa Rosebud, zimene zinapangidwira kanema wa Orson Welles wa m'chaka cha 1941, Citizen Kane. Steven Spielberg anagula chimodzi mu 1982 pa madola 60,500. China, chimene Joe Dante anapatsidwa mu 1984 pamene anthu ankataya zinthu zakale pamalo opangira kanema, chinagulitsidwa pa okishoni mu 2025 pa madola 14,750,000, akatswiri a sayansi atapima thabwa lake ndi kutsimikiza kuti ndi la nyengo imeneyo. Thabwa lokha linali lotsika mtengo. Chimene ogula analipira chinali umboni wa kumene linachokera.

Nanga wopeza chileyi chakale achite chiyani? Kuona maso a nkhono nkudekha. Asachipale, asachipake utoto watsopano, ndipo asachotse dzimbiri lonse, pakuti potero amafafaniza mboni zimene tatchulazi, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri. Achipukute ndi nsalu yofeŵa, ajambule zithunzi za malemba onse, ayese utali wake, ndipo alembe zimene akuluakulu a m'banja akukumbukira iwo akali moyo. Pali chifukwa chinanso chosachipalira. Utoto wakale kaŵirikaŵiri unali ndi mtovu, umene boma la America linauletsa mu utoto wa m'nyumba ndi wa zoseŵeretsa ana m'chaka cha 1978. Fumbi lake ndi poizoni, makamaka kwa ana aang'ono, kotero chileyi chotere chisapatsidwe kwa mwana kuti aziseŵera nacho.

Njira yomweyi ingathandize aliyense wa ife amene wasiyiridwa makina osokera, njinga yakapalasa kapena bokosi lachitsulo la agogo. Tiŵerenge malemba, tione kapangidwe, tiyang'ane misomali, tifunse akuluakulu, ndipo tigamule pokhapokha zonsezi zitanena chimodzi.