Chifukwa chake tinakudulani mawu pa nyuzi

Mayi wina wa ku Kuku anandikoka malaya ndikukwera basi ya ku Chawama. "Si inu a pa TV? Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, koma madzulo munangoonetsa miyendo yanga ili m'madzi." Sindinakane. Amene anadula mawu awo ndine, chifukwa ntchito yanga ndi kukonza nkhani zisanaulutsidwe. Lero ndikufuna kuwayankha bwino, popeza m'basimo kondakitala sanatipatse mpata.

Nyuzi ya madzulo imabadwa m'mawa. Timakhala pa msonkhano, mtolankhani aliyense ndi nkhani yake, koma makamera ndi ochepa, magalimoto ndiye osanena. Galimoto imodzi imatha kusiya gulu lina ku khoti, lina ku Nyumba ya Malamulo, kenaka n'kulowera ku Kuku mafuta akalola. Pobwera, wojambula amanditulira zithunzi za mphindi 40. Ine malo amene ndili nawo pa nkhaniyo ndi mphindi imodzi ndi theka. M'menemo mulowe mawu a mtolankhani, a amayi aja, a aneba awo, ndiponso yankho la khonsolo, chifukwa ukaneneza munthu uyenera kumupatsa mpata woyankha. Mayiwo anatsala ndi masekondi 15. Ndinasankha pamene ananena kuti chimbudzi chasefukira ndipo ana akudutsa momwemo popita kusukulu. Zonena za kansala ndinachotsa, popeza umboni panalibe, ndipo mlandu wonyoza munthu ukabwera umagwera ife tonse.

Nanga miyendo ija? TV imadya zithunzi. Nduna ikhoza kulankhula zanzeru kwa ola lathunthu, koma madzi ofika m'mawondo, mbaula ikuyandama pakhomo, zimenezo woonera saiwala.

Achinyamata amaona ngati komboni yakhala ikuoneka pa kanema kuyambira kale. Ayi ndithu. TV inafika m'dziko muno mu 1961 ku Kitwe, ili ya kampani, ndipo oonera ake ambiri anali azungu a ku migodi. Boma litaitenga, inakhala pakamwa pa boma. Lamulo lokhazikitsa ZNBC linabwera mu 1987, tikadali m'chipani chimodzi cha UNIP. Chondiseketsa n'chakuti Mass Media Complex, kumene kuli ZNBC, ili pa msewu wa Alick Nkhata, pafupi kwambiri ndi Kalingalinga ndi Mtendere, koma kamera inkadziwa njira ya ku State House kuposa ya kwa aneba akewo. Nyuzi inkayamba ndi a Kaunda, kutsatira nduna, ndipo munthu wamba ankaoneka akuvina pa bwalo la ndege.

Zinthu zinatembenuka pamene Muvi TV ya a Steve Nyirenda inayamba kulowetsa kamera m'tinjira ta Kanyama, Matero ndi George, n'kumusiya munthu alankhule Chinyanja chake cha mu Lusaka popanda womuphimba ndi Chingerezi. Anthu anadziona okha, ndipo mawayilesi ena tinatengera. Apa ndinene maganizo anga mosabisa: tinatsegula chitseko, koma tinazolowera zoipa. Ndewu ya akazi awiri pa mpopi, gogo amene akumunena ufiti, wakuba amene wagwidwa pa msika, izi zimakoka oonera, ndipo oonera ndiwo amakoka otsatsa malonda amene amatilipira. Mapeto ake munthu wa ku Kabulonga amaganiza kuti ku Kuku kumangokhala maliro, ndewu ndi kolera. Amayi a chilimba amene aphunzitsa ana mpaka ku UNZA sitiwafunafuna.

Palinso mantha, tisanamizane. Mu Ogasiti 2016, chisankho chitangotha, bungwe loyang'anira mawayilesi la IBA linaimitsa ziphaso za Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Mu Epulo 2020 Prime TV inalandidwa chiphaso, ndipo inabwerera boma litasintha mu 2021. Mkonzi aliyense amakumbukira zimenezi akagwira nkhani yokhudza akuluakulu, ngakhale sanganene pagulu.

Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Tilipire zingati kuti mubwere?" Nkhani salipira. Chimene chimalipiridwa ndi kutsatsa malonda kapena pulogalamu yogula nthawi, ndipo zimenezo zimakhala ndi lisiti. Inde, m'ntchito yathu muli matenda amene timawatcha blalizo, kaenvulopu kamene mtolankhani amapatsidwa ati n'ka transipoti. Olemera ndi andale ndiwo amakwanitsa, n'chifukwa chake nkhani zawo sizisowa. Wina akakuuzani kuti musonkhe ya mafuta kuti ngalande yanu ionekere pa nyuzi, funsani dzina lake, muimbire mkonzi wake.

Kulakwa kwathu kwakukulu pa nkhani ya amayi aja si masekondi 15. N'kwakuti madzi ataphwa sitinabwerere kukafunsa ngati ngalande inakumbidwa. Timabwera mu Januwale ndi majombo, mu Julayi osaoneka, pamene Julayi ndiye nthawi yokumba.

Tsono anthu a ku Kuku, musadikire mvula. Imbani m'mawa msonkhano wathu usanathe, osati 5 koloko madzulo nkhani zitatsekedwa kale. Nenani malo enieni, pafupi ndi tchalitchi chiti kapena sukulu iti. Mukajambula ndi foni, igonekeni chopingasa, musaigwedeze, ndipo mutiuze tsiku limene mwajambula. Sankhani munthu mmodzi wolankhula mwachidule, ayambe ndi chimene chikupweteka kwambiri. Ngati kalata munalembera khonsolo, bweretsani kope lake lili ndi chidindo. Ndi pepala limenelo m'manja, mawu anu onena za kansala sindidzawadulanso.